Tsiku Limene Asodzi Anagawana Kampani ya Ziguduli

Dandaulo langa loyamba ndinalemba Lolemba loyamba la mwezi wa Febuluwale, chaka cha 1956, ndipo ndinayenda wapansi kuchokera ku Kachulu kukaliponya ndekha ku Zomba. Dandaulo lachiwiri ndinalemba mvula itatha chaka chomwecho. Ena onse otsatira ndinawatumizanso, ndipo lililonse kope lake la kaboni lili m'sutikesi yamalata pansi pa bedi langa. Yankho sindinalandirepo. Adzukulu anga amati ndiileke nkhaniyi chifukwa kampaniyo inafa kale ndipo amene anandilakwira anagona. Koma kampani imene inagula makina ake ndi mabuku ake ikadalipo ku Limbe, ndipo chimene ndikufuna kwa iyo si ndalama. Ndiyambe pachiyambi, kuti amene sanaionepo ntchito ya ziguduli amvetse.

Ntchitoyi anandipezera ndi amalume anga a Nampinga, amene anali ndi khoka padoko la Kachulu, panyanja ya Chilwa. Ndinali nditangomaliza Sitandade 6 kusukulu ya mishoni, ndipo kunyanja ndinali wopanda ntchito, chifukwa ndikakwera bwato mutu unkazungulira. Tsiku lina m'mawa ananditengera kudepoti ya kampani yosoka matumba, imene anthu ankangoitcha kuti pa Ziguduli. Kapitao wake anali Che Jafali, Myao wamtali wa ndevu zochepa, amene ankavala chisoti choyera ngakhale pakati pa fumbi.

"Mwana uyu m'bwato amasanza," anatero amalume. "Koma kulemba amadziwa. Muoneni."

Che Jafali sanandifunse za sukulu. Anagwira manja anga ndi kuwatembenuza.

"Manja a abusa awa. Singano amaidziwa?"

"Aphunzira."

"Abwere mawa. Malaya oyerawo awasiye kunyumba."

Depotiyo inali shedi yamalata ya pansi pa simenti, chapamtunda pang'ono kuti madzi a dzinja asafike. Mpaka lero ndikanunkhiza chiguduli chatsopano ndimaona khomo lake. Nsalu ya chiguduli inkabwera pa lole kuchokera ku Limbe, m'mabelo omangidwa ndi malamba achitsulo. Tinkadula malambawo, kutambasula nsalu patebulo lalitali, ndi kuidula ndi sizasi yaikulu potsata mipata imene inasemedwa m'mphepete mwa tebulolo. Ukadula umapinda pakati, wina n'kusoka mbali ziwiri pamakina opalasa ndi phazi, kenaka umatembenuza thumbalo kuti msoko ukhale m'kati. Pomaliza tinkaika lata lobowola zilembo pamwamba pake ndi kupaka inki yakuda ndi burashi, dzina la kampani n'kutsala pathumba.

Matumba anali amitundu iwiri. A mpunga, amene ankagula alimi a kumatsiriro a Likangala, kumene kuli sikimu ya mpunga masiku ano, ankafuna nsalu yothinana ndi misoko iwiri. A nsomba zouma ankafuna nsalu yamipata kuti matemba azipuma, apo ayi amachita nkhungu asanafike kumsika. Wogula akafuna, tinkamulongedzeranso nsombazo. Apa ndi pamene panali luso. Matemba sapondedwa ndi phazi ayi, umagwedeza thumba pang'onopang'ono kuti akhazikike okha. Milamba yowamba umaiyala mitu kunja, michira m'kati. Kukamwa kwa thumba umasoka ndi singano yaikulu yokhota ndi ulusi wopotedwa pawiri, n'kusiya makutu awiri m'makona ogwirira ponyamula. Sabata yoyamba ndinapondereza matemba a munthu wina wa ku Songani ndi bondo kuti alowe ambiri. Che Jafali anakhuthula thumba lonse pamkeka.

"Taona. Munthu wagula nsomba, iwe ukumupatsa ufa. Akaphike phala?"

Anandibwezeretsa kasanu kapena kupitirira, osakweza mawu. Umo ndi mmene ankaphunzitsira.

Zaka zoyambazo zinali zabwino, ndipo sindifuna kuti mkwiyo wanga uziphimbe. Nyanja inali yodzaza mpaka m'njedza. M'mawa mabwato ankabwera kuchokera kuchilumba cha Chisi ndi kuzimbowera, timisasa ta asodzi ta pamadzi, atalemedwa, ndipo pamsewu pankakhala mzere wa njinga za ogula ochokera ku Songani, ku Zomba, ena mpaka ku Mulanje. Makina athu ankalira kuyambira dzuwa likutuluka. Amayi ogulitsa zigumu ankakhala pamthunzi wa shedi yathu n'kumatinyoza kuti ndife amuna osoka ngati akazi, koma zigumu ankatikongoza. Lachisanu masana Che Jafali akamapita kumzikiti ankandisiyira makiyi, ndipo chifukwa sindinkataya kanthu, patapita zaka ziwiri anandipatsiratu ntchito yosunga sitolo ya katundu. Kiyi ndinkaimangirira m'chiuno ndi chingwe cha khonje. Ndinkayenda padoko ngati mwini nyanja.

Woyang'anira depoti anali mzungu amene tinkamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake. Chinyanja ankachilankhula bwino, ndipo sanali wankhanza. Kampaniyo inali yaing'ono, likulu lake ku Limbe, koma inali ya masheya: aliyense ankatha kugula gawo lake, ndipo mtengo wa sheya unkalembedwa m'nyuzipepala. Nsomba zitachuluka, akuluakulu a ku Limbe anafuna kugula makina a injini ndi lole yachiwiri. Anakongola kubanki, ndiponso anatumiza Bwana Kaliwo kuti agulitse masheya kwa asodzi ndi alimi a mpunga amene anali ndi kangachepe. Anawaitanira pansi pa mtengo wa padoko, ine nditanyamula zikalata.

"Zili ngati khoka," anatero. "Wina amabweretsa ukonde, wina bwato, wina zingwe. Nsomba zikaphedwa mumagawana. Kampani ndi chimodzimodzi. Ukagula sheya ndiwe mmodzi wa eni ake."

Asodzi anagwedeza mitu. Anamvetsa bwino lomwe, ndipo vuto linayambira pamenepo. Pa Chilwa, munthu amene ali ndi gawo m'khoka sapempha ndiwo. Bwato likafika amatapa yekha, palibe womufunsa. Ndipo eni khoka akalekana, sapita kwa munthu wa malamulo: amayala ukonde pamchenga, kuudula, aliyense n'kutenga chigawo chake pamodzi ndi zingwe zake. Bwana Kaliwo ankadziwa mbali yogawana nsomba yokha. Mbali ziwiri zinazo sankazidziwa, kapena sanaziganizire.

Amalume anagula masheya, anzawo ambiri anagulanso, ena ochokera ku Chisi. Zikalata zake zinali zokongola, zamizere yobiriwira m'mphepete, ndipo ankazikulunga m'nsalu ndi kuzisunga m'chitini. Pasanathe mwezi amalume anafika pakhomo la sitolo.

"Wilisoni, tandipatsa matumba a nsomba apo. Ndachedwa."

"Ndilembe kuti mwalipira liti, amalume?"

"Ulembe kuti mwini wake watapa ndiwo."

Ndinapita kwa Bwana Kaliwo. Anaseka, kaliwo ali pakamwa.

"Apatse. Ndi eni kampani. Tidzachotsa paphindu lawo chaka chikatha."

Ndinamupempha kuti andilembere kapepala. Anati, "Iwe ndi mapepala ako," n'kupitiriza kuwerenga nyuzipepala. Kuyambira pamenepo kutapa ndiwo kunakhala mwambo. Chaka choyamba sizinaoneke, chifukwa phindu linalipo ndithu. Pepala la chaka linkabwera m'Chingerezi, ndipo ine ndinkawawerengera eni masheya pansi pa mtengo uja ndi kumasulira. Tsiku limenelo amalume anagulira anthu tiyi.

Kampani imadwala ngati munthu, ndipo oyamba kuona ndi amene amaigwira thupi tsiku ndi tsiku. Ife tinaona pa ulusi. Ulusi wabwino uja unasiya kubwera, m'malo mwake ankatitumizira wa khonje wokhakhala umene unkadula zala ndi kuduka pamsoko. Kenaka lole inayamba kubwera ndi matumba akale a shuga, akuti tiwatembenuze ndi kudindapo dzina lathu. Makina a injini aja anagwira ntchito miyezi yowerengeka, n'kuthyoka kachitsulo kena kamene ankati kakuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo anakhala pakona atafundidwa chiguduli, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ngongole yake kubanki sinadikire kachitsuloko. Che Jafali anakoka ulusi watsopano uja ndi manja awiri, unaduka.

"Ku Limbe kwalowa chiswe," anatero.

Kenaka nyanja inabwerera m'mbuyo. Mvula inavuta, madzi anathawa padoko mtunda wautali, mabwato anatsala pamatope. Nsomba zinachepa, mpunga wa ku Likangala unapserera, ndipo njinga za ogula zinasowa pamsewu. Depoti yathu inkadalira nyanja imodziyo basi. Amene ankabwerabe kudzatenga matumba anali eni masheya okha, otapa ndiwo, ndipo panalibenso phindu loti achotsepo. Pepala la chaka chimenecho ndinaliwerenga pansi pa mtengo: phindu palibe, ngongole yakula, katundu wa m'masitolo waperekedwa chikole kubanki. Munthu wina wa njinga wa ku Songani anawonjezera moto.

"Zikalata zanu zobiriwirazo ku Limbe akupichirira fodya."

Tsiku lovuta linafika m'chilimwe cha 1955, kutentha kuli pachimake. Dalaivala wa lole anali atauza anthu padoko kuti sabata yotsatira adzatenga katundu yense wa m'sitolo kupita naye ku Limbe, banki yalamula. Lachinayi m'mawa ndikutsegula shedi ndinaona eni masheya akubwera pamzere, amalume ali patsogolo atavala jekete lawo la kutchalitchi. Panalibe ndodo, panalibe woledzera. Anakhala pansi pabwalo, aliyense chitini chake cha chikalata chili pamwendo, n'kutuma munthu kukaitana Bwana Kaliwo.

Atapatsana moni, amalume anaimirira.

"Bwana, tamva kuti khoka latha. Sitinabwere kudzakangana. Tabwera kudzadula ukonde."

Bwana Kaliwo anachotsa kaliwo pakamwa, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Analongosola kuti katunduyo tsopano ndi wa banki, kuti kampani ikagwa oyamba kulandira ndi amene anaikongoza, ndipo eni masheya amalandira zotsala ngati zilipo.

"Bankiyo anabweretsa chiyani?" anafunsa amalume. "Ukonde? Bwato? Ife sitinamuonepo padoko pano."

"Abwere adzaponde matope kaye," anatero wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

"Malamulo a kampani ndi osiyana ndi a khoka," anatero Bwana.

"Pansi pa mtengo uja munati zili chimodzimodzi. Tinamva molakwa ndife, kapena munanena molakwa ndinu?"

Bwana anabwezera kaliwo pakamwa. Anayang'ana anthuwo, anayang'ana galimoto lake, kenaka anabwera pafupi ndi ine pakhomo la sitolo. Che Jafali anali pambali panga.

"Tsegula. Ndikalongosola ku Limbe."

"Bwana, mundilembere."

"Tsegula, Wilisoni."

Ndinatsegula. Iye anakwera galimoto, nati akukaitana apolisi ku Zomba, ndipo tsiku limenelo sanabwerenso.

Zimene zinatsatira ndinazilemba m'madandaulo anga onse, chifukwa anthu a ku Limbe anazitcha kulanda katundu, pomwe sanalipo. Asodzi anatulutsa mitolo ya matumba ndi mabelo a nsalu n'kuziika pabwalo milumilu, monga amachitira ndi nsomba. Poyamba anapatula mulu waukulu, woposa theka la zonse, nati uwu ndi wa a ku Limbe chifukwa iwo anabweretsa zambiri, ndipo anaubwezera m'sitolo okha. Zotsalazo anazigawa molingana ndi masheya a munthu. Pamene milu inali yofanana, munthu mmodzi ankatembenuka kuyang'ana kunyanja, wina n'kuloza mulu ndi kufunsa kuti uwu ngwa yani, wotembenukayo n'kutchula dzina osaona. Anapatula mulu wa mkazi wamasiye wa ku Chisi amene mwamuna wake anali ndi sheya, n'kusankha woti akampatsire. Anapatula wa Bwana Kaliwo. Atafika pa banki anakangana pang'ono, mpaka mkulu wina wosaona bwino anati mlendo samanidwa ndiwo ngakhale sanakoke nawo, ndipo banki anaiikira kamulu kake pakona.

Anyamata ena anafuna kumasula makina opalasa aja kuti agawane zitsulo. Che Jafali anakhala pampando wake n'kuika mapazi pachopalasira.

"Ili ndi bwato. Munaonapo bwato likudulidwa?"

Anawasiya.

Pomaliza amalume anabwera kwa ine atanyamula mtolo wa matumba a mpunga, abwino aja a misoko iwiri.

"Wogwira chingwe naye amadya. Tenga."

"Sindingatenge, amalume. Ine ndine wantchito."

"Ukundikanira pamaso pa anthu?"

"Pepani, amalume. Sindingatenge."

Anauika pansi pamapazi panga. Anandiyang'ana, nati, "Wasanduka wa ku Limbe," n'kutembenuka. Kwathu malume ndi amene amakupezera ntchito, ndi amene amakakufunsira mbeta, ndi amene amakuimira pamlandu. Ndinali ndisanawakanirepo kanthu. Mtolowo ndinaubwezera m'sitolo, ndinakhoma loko, ndipo ndinakhala pakhomo mpaka dzuwa kupendeka, ndikudikira galimoto limene silinabwere.

Apolisi anafika mawa lake. Anapeza loko ali bwinobwino, palibe wovulala, katundu woposa theka ali m'malo mwake, ndipo anati iyi ndi nkhani ya eni kampani okhaokha. Sabata yotsatira kunabwera azungu awiri a ku Limbe. Anafunika munthu woti asenze mlanduwo pamaso pa banki. Bwana Kaliwo anawauza kuti iye sanalamule kuti sitolo itsegulidwe, ndipo za kutapa ndiwo kwa zaka zonse zija sankazidziwa. Ananena izi ine ndili pomwepo, akuyang'ana kaliwo wake. Che Jafali anaimirira n'kunena zimene anamva ndi makutu ake, kawiri konse, koma palibe amene analemba mawu ake. Azunguwo anati iye ndi kapitao chabe, ndipo amandikonda.

Kalata imene anandipatsa ndili nayo. Imati ndinachotsedwa ntchito chifukwa chotsegula sitolo popanda chilolezo ndi kupereka katundu wa kampani kwa achibale anga. Masiku amenewo munthu wofuna ukalaliki ankafunsidwa kalata ya kumene wachokera. Ndinayenda nayo m'maofesi a ku Zomba ndi m'maesiteti a fodya, ndipo paliponse ankaiwerenga, kuipinda bwinobwino, n'kundibwezera. Ukalaliki umene ndinauphunzirira sindinaugwirepo. Ndinakhala zaka zambiri pamsika wa Songani ndikusoka kukamwa kwa matumba a anthu, ndipo ndi ntchito imeneyo ndinalera ana anga. Depoti inatsekedwa, kampani inathetsedwa chaka chotsatira, ndipo eni masheya sanalandirenso kanthu. Madzi atabwerera, amalume anakoka khoka lawo monga kale. Tinayambanso kulankhulana pamaliro a mayi anga, koma za tsiku lija sitinazitchulepo. Anamwalira akukhulupirira kuti anatenga zawo zokha, ndipo poona zimene anauzidwa pansi pa mtengo, sindingawatsutse.

Ndikadutsa pa Kachulu ndimaimabe pamene panali shedi. Simenti yake ikadalipo, amayi amayanikapo mpunga. Zaka zimenezo ndimazikonda, ndipo Che Jafali ndimamuwerengera pamodzi ndi makolo anga. Zimene ndinaphunzira pa Ziguduli ndauza ana anga onse. Kampani imene ukugwirako ntchito uziiona pa zinthu zimene ikukutumizira, chifukwa pepala la chaka limafika matenda atakula kale. Ukamalongosolera anthu chinthu chachilendo pochifanizira ndi chawo, udziwe kuti adzachitsata mpaka kumapeto kwake, osati pamene iwe walekezera. Ndipo lamulo la bwana limene akukana kulilemba ndi lamulo limene akukonzeka kudzalikana. Kuchokera tsiku limenelo sindinatayepo pepala, ngakhale lisiti ya mchere.

Tsono kwa inu akuluakulu a kampani ya ku Limbe imene inatenga makina ndi mabuku a kampani ya ziguduli, ndikubwereza pempho langa mwaulemu. Sindikufuna malipiro kapena chipepeso cha ndalama. Ndikupempha kalata imodzi, papepala la kampani yanu, yosainidwa ndi munthu wa udindo, yonena kuti Wilisoni Namakhwa, amene anali wosunga sitolo kudepoti ya ku Kachulu, anatsegula sitoloyo polamulidwa ndi woyang'anira wake, ndipo sanatengepo thumba ngakhale limodzi. Ngati simungathe kulemba zimenezi, mundiuze chifukwa chake, nazonso molemba. Maso anga ayamba kuchita mdima, ndipo ndikufuna yankho lanu ndiliwerenge ndekha.

Ine wodandaula,
Wilisoni Namakhwa